Chithunzi cha Monet cha mlatho wa Waterloo: n'chifukwa chiyani mlathowo ukuoneka mwachimbuuzi?

Nachisale, London

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumakonda kukambirana za luso la zojambulajambula. Ine ndimakhala ku London, kumene ndimagwira ntchito yosamalira agogo ena aakazi m'nyumba mwawo, ndipo pakhoma la chipinda chawo chochezera pali chithunzi chimene chandigwira mtima kwa miyezi ingapo tsopano ngakhale kuti sindikuchimvetsa bwino. Ndi chosindikizidwa papepala n'kuikidwa m'felemu, ndipo timawu ta m'munsi mwake tikunena kuti anachijambula ndi Claude Monet m'chaka cha 1903, kuti ndi mlatho wa Waterloo pa mtsinje wa Thames, komanso kuti chenichenicho chimasungidwa ku National Gallery of Canada mumzinda wa Ottawa.

Tsiku loyamba ndinachiyang'ana ndili pafupi, pamene ndinkapukuta fumbi pa felemuyo, ndipo sindinaonepo mlatho ngakhale pang'ono. Ndinangoona utoto wabuluu, wobiriwira ndi wapepo utalowana ngati madzi amene achapiramo zitenje zatsopano, chakumwamba kuli kadzuwa kakang'ono kofiira ngati khala la moto, ndipo m'munsi muli timizere tofiirira pamene kuwala kwagwera pamadzi. Koma madzulo ena nditaima pakhomo la chipindacho ndi thireyi ya tiyi m'manja, ndinacheuka n'kuona mlatho wathunthu, mizati yake itaima m'madzi, ngati kuti wangotuluka kumene m'nkhungu. Nditayandikiranso, unasowanso. Kuyambira tsiku limenelo ndimachiyang'ana m'mawa uliwonse ndisanayambe ntchito.

Chimene ndikufuna kudziwa ndi ichi: kodi chithunzichi chinamalizidwa, kapena wojambulayo anachisiya panjira? Mwana wa agogowa anandiuza kuti Monet ankadwala maso, n'chifukwa chake ankajambula zinthu zosaoneka bwino, koma mtima wanga sukuvomereza kuti munthu wosaona angaike kadzuwa kaja pamalo oyenera chonchija. Chinanso chondidabwitsa n'chakuti mlatho wa Waterloo ndimadutsapo pa basi kawirikawiri, koma sukufanana ndi wa pachithunzipa. Umene ndimaudziwa ine ndi woyera, wosalala, wa mipata isanu yotakata, pamene wa pachithunzi uli ndi mipata yambiri yopapatiza yokhota ngati uta. Ndiponso pa nyengo zonse zozizira zimene ndakhala kuno, sindinaonepo nkhungu yobiriwira kapena yapepo. Nditafunsa agogo, anangoti iwo ali mwana kunkagwa chifunga chachikasu choti munthu sankaona ngakhale mapazi ake, kenako anakhala chete. Ndikupempha amene mukudziwa kuti mundimasulire.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Mayi Nachisale, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo choyamba ndikutsimikizireni kuti maso anu sanakunamizeni. Zimene zinakuchitikirani mutaima pakhomo paja ndi zimene wojambulayo ankafuna kuti zizichitikira aliyense. Chithunzicho ndi chomalizidwa, pakuti Monet anali munthu wosafulumira kutulutsa ntchito yake, ndipo zithunzi za ku London zimene zili ndi chaka ndi zimene iye mwini anakhutira nazo n'kuzisainira.

Nkhani ya maso ili ndi mbali yoona, koma anthu amaiika pa nthawi yolakwika. Monet anabadwa mu 1840 ndipo anamwalira mu 1926. Madokotala anamupeza ndi ng'ala m'chaka cha 1912, ndipo anamuchita opaleshoni mu 1923. Zithunzi zimene anajambula m'zaka zomalizira asanachitidwe opaleshoniyo, makamaka za kamlatho ka m'munda mwake ku Giverny, mudzi umene ankakhala ku France, n'zoona kuti zinasintha, zikuoneka zofiira ndi zakuda ngati dothi la katondo lonyowa. Koma za mlatho wa Waterloo anaziyamba pakati pa 1899 ndi 1901, zaka zoposa khumi ng'alayo isanapezeke. Munthu amene anajambula chithunzi cha pakhoma la agogo anu ankaona bwino kwambiri, mwina kuposa ambiri a ife.

Za mlatho, mwaona bwino kuti ndi iwiri yosiyana. Wa pachithunzi ndi wakale, umene anaukonza katswiri wa zomangamanga John Rennie, wa miyala yolimba ndi mipata isanu ndi inayi. Anautsegulira pa 18 Juni 1817, patatha zaka ziwiri ndendende chichitikireni nkhondo ya ku Waterloo, ndipo dzina lake linachokera pamenepo. M'zaka za m'ma 1920 mizati ina inayamba kutitimira chifukwa madzi anakokolola pansi pa maziko, motero anaugwetsa m'zaka za m'ma 1930. Umene mumadutsapo inu ndi wa katswiri wojambula mapulani Giles Gilbert Scott, umene magalimoto anayamba kuyendapo mu 1942 ndipo unatsirizidwa mu 1945. Popeza amuna ambiri anali kunkhondo, amayi anagwira gawo lalikulu la ntchito yomangayo, moti mpaka lero ena amautcha mlatho wa amayi.

Tsopano ndifike pa mtima wa nkhaniyi, umene ndi kagwiridwe ka ntchito ka Monet ku London. Mzindawu anaudziwa koyamba mu 1870, pamene anathawirako nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia, ndipo n'kumeneko anakumana ndi Paul Durand-Ruel, wogulitsa zithunzi amene anamuchirikiza kwa zaka zambiri. Atakula ndi kutchuka anabwererako maulendo atatu, chakumapeto kwa 1899, kumayambiriro kwa 1900 ndi kumayambiriro kwa 1901, ndipo nthawi zonse ankafikira ku hotela ya Savoy, m'zipinda za m'mwamba zokhala ndi khonde loyang'ana kumtsinje. Akaima pakhondepo, kudzanja lamanzere kunali mlatho wa Waterloo, ndipo kudzanja lamanja kunali mlatho wa sitima wa Charing Cross. Tsiku lake analigawa motsatira dzuwa. M'mawa, dzuwa likamatuluka kuseri kwa mlatho wa Waterloo, ankajambula umenewo. Likapendeka ankatembenukira ku Charing Cross, ndipo madzulo ankawoloka mtsinje kupita ku chipatala cha St Thomas, kumene ankajambula nyumba ya malamulo dzuwa likulowa kumbuyo kwake. Zonse pamodzi zinakwana pafupifupi zithunzi 100, ndipo zoposa 40 mwa zimenezi ndi za mlatho wanu wa Waterloo.

Funso limene ndinkafunsa ophunzira anga ndi lakuti: munthu wanzeru zake angajambule bwanji mlatho umodzi, ataima pamalo amodzi, maulendo makumi anayi? Yankho lake n'lakuti mlathowo sunali chimene iye ankachifuna. Mlatho sunkasintha, koma mpweya wa pakati pa diso lake ndi mlathowo unkasintha pa mphindi zochepa zilizonse, ndipo umenewo ndi umene ankausaka. Iye anali ndi liwu la Chifalansa lonenera chinthu chimenechi, lotanthauza chofunda kapena chokuta, kunena kuwala ndi chinyontho zimene zimakuta chinthu chilichonse. M'makalata amene ankalembera mkazi wake Alice, yemwe anatsala ku Giverny, ankadandaula kuti akangoyamba chinsalu chimodzi, nyengo yasintha, ndipo akuyenera kutenga china. Wojambula mnzake John Singer Sargent anafotokoza kuti anamupeza atazunguliridwa ndi zinsalu zambirimbiri, akufunafuna mothamanga chimene chikugwirizana ndi maonekedwe a nthawi imeneyo, ndipo akamachipeza maonekedwewo anali atapita kale. Choncho mukamaona mlatho ukuoneka mwachimbuuzi, dziwani kuti chimbuuzicho ndicho chinajambulidwa mwadala, ndipo mlathowo anauika kuti ukuthandizeni kuyeza kukhuthala kwa nkhunguyo, monga mmene munthu amadziwira kuti chiperoni chakula poona kuti phiri limene amalidziwa labisika mpaka pati.

Musadzione ngati mwafunsa funso lachibwana. Mu 1874, pamene Monet ndi anzake anachita chionetsero chawo choyamba ku Paris, iye anaikapo chithunzi cha doko la Le Havre m'mamawa, chokhala ndi kadzuwa kofiira kofanana ndi kanu, ndipo m'dzina lake munali liwu lakuti impression, kutanthauza chimene chatsala m'maso munthu akangoponya diso kamodzi. Mtolankhani Louis Leroy analemba monyoza kuti ntchitoyo ndi yosamalizidwa, n'kuwatcha onsewo dzina lochokera ku liwu limenelo. Chitonzocho ndicho chinasanduka dzina la Impressionism limene tikuligwiritsa ntchito lero potchula kajambulidwe kameneka.

Namwino, Leeds

Achemwali a Nachisale, aphunzitsi afotokoza bwino za wojambulayo, koma ine mtima wanga waima pa mawu a agogo anu ndi kukhala chete kwawo. Ngati ali ndi zaka za m'ma 80 ndipo anakulira mu London, n'kutheka kuti akukumbukira mwezi wa Disembala 1952, pamene chifunga chosakanikirana ndi utsi chinaphimba mzindawo kuyambira pa 5 mpaka pa 9. Mabasi analephera kuyenda, ndipo anthu ankapapasa makoma pobwerera kunyumba. Kuwerengera koyamba kunasonyeza kuti anthu pafupifupi 4,000 anamwalira, ndipo kafukufuku wa m'zaka zapambuyo pake anakweza chiwerengerocho kufika pafupifupi 12,000. Tsoka limeneli ndilo linakankha boma kukhazikitsa lamulo la mpweya wabwino la 1956, limene linachepetsa kuwotcha malasha m'mizinda. Ichi ndicho chifukwa chake simunaonepo nkhungu yobiriwira kapena yapepo: nkhungu ya mtundu umenewo inathetsedwa ndi lamulo, pamodzi ndi kusintha kwa njira zofunditsira nyumba.

Ndikunena zimenezi kuti timvetse kuti chimene Monet ankajambula sichinali nkhungu ya chilengedwe yokha, ngati imene imagwa m'minda ya tiyi ku Thyolo m'mamawa. Mu nthawi yake pafupifupi nyumba iliyonse ya mu London inkawotcha malasha pophika ndi pofunditsa zipinda, ndipo mafakitale, sitima zapamtunda ndi zapamadzi zinkawotchanso malasha omwewo. Utsiwo unali ndi mwaye ndi sulufule, ndipo ukakumana ndi chinyontho cha mumtsinje pa tsiku lozizira lopanda mphepo, unkakhazikika pansi osakwera m'mwamba. Eni mzinda ankaufanizira ndi msuzi wa nsawawa chifukwa cha mtundu ndi kulemera kwake. Dzuwa likamadutsa mu mpweya wotere, tizidutswa ta utsi timamwaza kuwala kwa buluu n'kulola kofiira kudutsa, n'chifukwa chake limaoneka ngati khala ndipo munthu amatha kuliyang'ana osaphethira. Mukaona zithunzi zina za mlatho womwewu, zimene nkhungu yake ndi yopepukirako, mudzaona machumuni aatali a kutsidya la kumwera akufuka kumbuyo kwa mlatho.

Monet ankadziwa bwino lomwe kumene nkhungu yake inkachokera. M'kalata ina ya mu Malichi 1900 anauza mkazi wake kuti atadzuka n'kupeza kunja kuli mbee, anagwidwa ndi mantha poganiza kuti zinsalu zake zonse zawonongeka, koma anthu atayamba kusonkha moto, utsi ndi chifunga zinabwerera ndipo mtima wake unakhala pansi. Atakalamba ananenanso kuti popanda chifunga London sukanakhala mzinda wokongola. Mu 2023 akatswiri awiri a za nyengo, Anna Lea Albright ndi Peter Huybers, anafalitsa kafukufuku amene anayerekezera zithunzi za Turner, wojambula wa ku England, ndi za Monet ndi kuchuluka kwa utsi wa sulufule m'zaka zimene zinajambulidwa, ndipo anapeza kuti pamene utsi unkachuluka, zithunzinso zinkanka zituwa ndi kusowa malire ooneka bwino.

Apa ndi pamene ine ndimavutika mumtima. Ntchito yanga ndi ya m'chipinda cha odwala chifuwa ndi mapapo, ndipo ndikudziwa mmene munthu amamvekera akamalimbana ndi mpweya usiku. Monet ankaima pakhonde la hotela yodula kwa milungu ingapo, kenako n'kubwerera kumunda wake wa maluwa ku France. Koma anthu amene pa zithunzi zina akuoneka ngati timadontho pamwamba pa mlatho, oyenda pansi ndi oyendetsa ngolo za mahachi, ambiri anali antchito ochokera ku Lambeth ndi madera ena osauka a kumwera, amene ankapuma utsi umenewo chaka ndi chaka mpaka kumanda. Ndikavomera kuti chithunzicho ndi chokongola, ndipo sindingakane, ndimamva ngati ndawapondereza anthu amenewo. Ndikufuna ndimve ena mmene mumasenzera zinthu ziwirizi pamodzi.

Wojambula, Lilongwe

Ndiyankhe kaye Mayi Nachisale pa chimene anaona ndi maso awo, popeza ineyo ndimagwira burashi tsiku ndi tsiku ndipo chinthu chimenechi ndachiyesa kambirimbiri. Mlatho umasowa mukayandikira chifukwa Monet sanaujambule ndi mzere. Ambirife tinaphunzira kuyamba ndi pensulo, kulemba malire a chinthu, kenako n'kudzaza utoto m'katimo. Iye sankatero. Ankapaka timikwasa tating'ono ta utoto wosiyanasiyana moyandikana ndi mosanjikiza, wabuluu pambali pa wapepo, wapinki pamwamba pa wobiriwira, ndipo pamene pali mlatho ankangodetsa pang'ono poyerekeza ndi nkhungu yozungulira. Mukakhala pafupi, diso limaona kamkwasa kalikonse pakokha, ndipo kusiyana kwakung'onoko kumatayika. Mukatalikira, timikwasato timalumikizana m'diso mwanu, ndipo malo akudawo amagwirana n'kukhala mizati ndi mipata. Tinganene kuti theka la ntchitoyo anaisiyira woonera, n'chifukwa chake munamva ngati mlathowo wangotuluka kumene.

Kadzuwa kaja nakonso kali ndi chinsinsi chake. Wojambula alibe kuwala kwenikweni, ali ndi utoto basi, ndipo utoto woyera kwambiri sungafanane ndi dzuwa. Chimene Monet anachita ndi kuika mtundu wa lalanje pakati pa buluu, pakuti mitundu iwiriyi ndi yotsutsana ndipo uliwonse umakoleza unzake. Katswiri wa sayansi wa ku France, Michel-Eugène Chevreul, anali atalongosola kale mfundo imeneyi mu 1839, ndipo ojambula a m'badwo wa Monet ankaidziwa. Pa chithunzi chija cha doko la Le Havre chimene aphunzitsi atchula, mukachotsa mitundu n'kuchisiya chakuda ndi choyera, dzuwa limatsala pang'ono kusowa, chifukwa silowala kuposa mitambo yolizungulira, koma langosiyana nayo mtundu. Yesani kujambula cha agogo anucho ndi foni, muchisandutse chakuda ndi choyera, muone kuti moto wa kadzuwako utsala wochuluka bwanji.

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna kuwonjezera pa zimene aphunzitsi anena, ndipo ikukhudzanso kafukufuku amene mayi namwino atchula. Chithunzi chanu chili ndi chaka cha 1903, koma ulendo womaliza wa Monet wokajambula pa khonde la Savoy unali wa 1901. Zinsaluzo anazitengera kwawo ku Giverny zili zosatha, ndipo anakhala nazo pafupifupi zaka zitatu akuzikonza m'chipinda chake chogwirira ntchito, kutali ndi mtsinje wa Thames. Mu 1903 analembera Durand-Ruel kuti sangamutumizire ngakhale chimodzi, chifukwa ankafunika kuziona zonse pamodzi ndipo ankazikonza mothandizana. Anazionetsa koyamba ku Paris mu Meyi 1904, zithunzi 37 nthawi imodzi. Chaka chotsatira kunamveka manong'onong'o akuti anagwiritsa ntchito zithunzi za kamera, ndipo iye anayankha mokwiya kuti kaya anajambula akuona chinthucho kaya ayi, si nkhani ya munthu wina, chofunika ndi chimene chatuluka. Choncho sindigwirizana ndi amene amatenga zithunzizi ngati chipangizo choyezera utsi. N'zoona kuti akatswiri a ku University of Birmingham anapeza mu 2006 kuti pa zithunzi za nyumba ya malamulo, dzuwa analiika pamalo ogwirizana ndi masiku amene iye anali ku London, kusonyeza kuti maziko a ntchitoyo ndi zimene anaonadi. Koma pepo ndi pinki uja anadutsa m'chikumbukiro cha munthu ndi m'chifuniro chake chakuti zinsalu 37 ziyankhulane zikapachikidwa m'chipinda chimodzi.

Mayi namwino, funso lanu silachilendo kwa ine. Kuno m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, tchire likamapsa ndipo fumbi lili m'mwamba, dzuwa la madzulo limasanduka mbale yofiira yolendewera pa thambo lotuwa, ndipo ndakhala ndikuyesa kulijambula kwa zaka zingapo. Ndimadziwa kuti kufiirako ndi mitengo ndi udzu zimene zapsa, ndiponso kuti ana akutsokomola m'nyumba za anthu. Komabe ndikaima ndi burashi sindiona kuti ndikuvomereza moto wa kutchire, koma ndimaona kuti ndikukana kuyang'ana kumbali. Chimene chimandilimbitsa mtima pa Monet n'chakuti sanabise gwero la nkhungu yake. Akanatha kufufuta machumuni aja n'kusiya mlatho wokhawokha ngati wa m'nthano, koma anawasiya akufuka, ndipo pa zithunzi za Charing Cross utsi wa sitima ndiwo uli pakati penipeni. Chimene ndingavomereze kwa inu n'chakuti m'zithunzizi mulibe nkhope ya munthu ngakhale imodzi. Munthu ndi dontho la utoto lofanana ndi dontho la ngolo. Amene akufuna kudziwa mmene wantchito wa ku Lambeth ankavutikira sadzazipeza mwa Monet, ndipo pamenepo ndiye pali malire a luso lake.

Namwino, Leeds

Bambo wojambula, ndamva, ndipo mawu anu akuti m'zithunzizi mulibe nkhope andithandiza kutchula chimene chinkandisowetsa mtendere. Sindikufuna kuti chithunzicho chitsitsidwe pakhoma. Ndikungofuna kuti amene akuchiyamikira adziwe chimene akuyang'ana, chifukwa ambiri amachigula poganiza kuti ndi m'mawa wabata wa nkhungu yoyera, pamene ndi m'mawa umene mayi wina ankatseka mazenera ndi nsanza kuti mwana wake apume.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Ndikuthokoza bambo wojambula pondikumbutsa za zaka za ku Giverny, zimene ndinazidumpha. Ndingowonjezera mawu ochepa kwa Mayi Nachisale, amene ali ndi mwayi umene ife tilibe. Monet ankafuna kuonetsa zithunzizi ku London komweko mu 1905, koma zolinga zake sizinatheke, ndipo zinamwazikira m'mayiko osiyanasiyana, ku Chicago, Washington, Dublin, St Petersburg ndi Ottawa. Patapita zaka pafupifupi 120, nyumba yoonetsera zithunzi ya Courtauld Gallery inasonkhanitsa 21 mwa zimenezi pa chionetsero chimene chinayamba mu Seputembala 2024 n'kutha mu Januwale 2025, m'nyumba ya Somerset House imene ili pamutu penipeni pa mlatho wa Waterloo. Chionetserocho chinatha, koma ku National Gallery pa Trafalgar Square, kumene kulowa n'kwaulere, amasunga chithunzi chimene Monet anajambula cha m'ma 1871 cha mtsinje wa Thames chakumunsi kwa Westminster. Mukachiona mudzazindikira kuti ali mnyamata ankasiyabe malire a zinthu akuoneka, ndipo mudzayeza nokha mtunda umene anayenda m'zaka makumi atatu. M'nyumba yomweyo muli chithunzi cha Turner cha 1844 cha sitima ikuwoloka mlatho mumvula, ndipo ndi bwino kuziona zonse ziwiri tsiku limodzi.

Nachisale, London

Ndikuthokozani nonse kuchokera pansi pa mtima. Loweruka lapitali ndinalawirira, ndinatsika basi ndisanawoloke mlatho, n'kukaima m'mphepete mwa mtsinje kumunsi kwa hotela ya Savoy nthawi imene dzuwa linkatuluka. Linatulukadi chakuseri kwa mlatho monga mmene aphunzitsi ananenera, koma linali loyera ndi lothobwa m'maso moti sindinathe kuliyang'ana. Kutsidya, kumene kunali machumuni, tsopano kuli nyumba ya zisudzo ya National Theatre ndi nyumba zazitali za magalasi, ndipo chilichonse chinkaoneka bwinobwino mpaka mazenera ake. Ndinayesanso zija za foni pa chithunzi cha agogo, ndipo mitundu itachoka, kadzuwa kaja kanazirala ndipo chithunzi chonse chinangokhala ngati phulusa.

Lolemba ndinawauza agogo zimene mayi namwino analemba za Disembala 1952. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti anali kusukulu ya pulayimale, ndipo amakumbukira mayi awo akuwamanga mpango wonyowa pakamwa ndi pamphuno, n'kuwagwira dzanja kuyenda motsatira mpanda, ndipo atafika kunyumba mpangowo unali wakuda. Agogo awo aamuna, amene ankadwala chifuwa kale, sanafike Khirisimasi ya chaka chimenecho. Ndinawafunsa chifukwa chimene anapachikira chithunzi chotere m'chipinda chimene amakhalamo tsiku lonse. Anati anachigula ndi amuna awo zaka zambiri zapitazo, ndipo amachikonda chifukwa ndi chokhacho m'nyumbamo chimene chimawaonetsa dzuwa monga mmene ankalionera ali mwana, popita kusukulu m'mawa wa nyengo yozizira. Atatero anandipempha kuti ndisunthe mpando wawo, ndiuike chapafupi ndi khomo, pamene mlathowo umaonekera bwino.